Tabuleti Yosachoka pa Chingwe

Abambo anga aang'ono, a Lusekelo, ndi amene anatilakwira ine ndi amayi anga, ndipo anatilakwira posankha tabuleti. Mpaka lero ndikamva fungo la mpunga watsopano ukuuma padzuwa, mtima umanditentha ngati zachitika dzulo.

Inali nyengo yokolola ku Kaporo, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Madzi anali ataphwa m'minda, matope atachita ming'alu yolowa chala. Pabwalo lililonse panali mpunga woyanikidwa, ife ana tikulimbana ndi nkhuku tsiku lonse, mankhusu akuyabwa m'khosi ndi m'khwapa. Abambo anali ku Joni chaka chachitatu, ndipo kafoni ka amayi kanali katafera m'madzi osefukira a chaka chimenecho. Abambo anatumiza uthenga kudzera mwa mng'ono wawoyo kuti tigulitseko mpunga tigule tabuleti yotsika mtengo, banja lonse liziwaona nkhope akamayankhula. Mpungawo anali atalima amayi, msana uli chowerama m'madzi dzinja lonse.

Ku boma ndinapita nawo a Lusekelo chifukwa za mafoni ndinkazidziwa. Sukulu ndinali nditayamba kale kuthawa, n'kumakakhala pakashopu kotchajitsa mafoni. Wogulitsa, Che Jafali a ku Mangochi, anatiyalira matabuleti awiri a mtengo wofanana. Ina inali yaing'ono, yonenepa, yosakongola, koma yatsopano, batire lake losunga moto masiku awiri. Inayo inali yaikulu, yonyezimira, yogwirapo kale ntchito. Bambo uja sanabise kanthu. Anati yaikuluyo batire linatha, ikangochoka pamoto imazima.

Ine ndinagwira yaing'onoyo ndi manja awiri. Ndinati iyi tingapite nayo kumunda, kukhitchini, kulikonse. A Lusekelo anandilanda n'kuibweza pakauntala, nati mwana wobweretsa maziro a mayeso kunyumba asaphunzitse akuluakulu kugula katundu. Anati agogo maso awo ndi ofooka, akufunika galasi lalikulu. Tinatenga yaikulu. M'minibasi ndinakhala chotembenukira kuwindo njira yonse, osawayang'ana a Lusekelo ngakhale atandigulira nthochi yootcha.

Pamudzi pathu sola inali panyumba imodzi yokha, ya agogo aamuna obereka abambo. Choncho tabuleti inakakhala pathebulo la m'nyumba mwawo, chingwe chake chitalumikizidwa kubatire la galimoto. Tsono kwathu mtengwa salowa m'nyumba ya apongozi ake aamuna, sawayang'ana n'komwe. Amayi akangomva chifuwa cha agogo panjira, ankapatukira m'nthochi n'kufunda chitenje kumutu.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, abambo ankaimba. M'nyumba muja munkadzaza anthu, fungo la thukuta ndi fodya wa agogo, ana kukankhana kuti aoneke pagalasi. Amayi ankakhala kuseri kwa nkhokwe ndi lichero pamiyendo, akupeta mpunga wopetedwa kale, kumvetsera mawu a mwamuna wawo akutulukira pawindo. Abambo akafunsa za amayi, kuti nanga amake Gwamaka ali bwanji, ankayankha ndi a Lusekelo. Ankati alamu ali bwino, koma akudandaula kuti munda wa kumtsinje wawakulira, sangauthenso okha. Amayi sananenepo zimenezo. Munda umenewo ndi womwe unkatidyetsa.

Lamulungu lachinayi ndinalephera kupirira. Abambo atangofunsa za amayi, ndinazula chingwe, kunyamula tabuleti, ulendo wa liwiro. Ndinalumpha mphasa ya mpunga, nkhuku zinabalalika. Nkhope ya abambo inkagwedezeka m'manja mwanga, akuitana dzina langa. Amayi atandiona anaimirira, lichero linagwa, anapukuta manja pachitenje n'kukonza duku lawo msangamsanga ngati mtsikana. Ndisanafike pankhokwe, galasi linada. Ndinawapatsabe. Anailandira, anayang'ana chinthu chozimacho kanthawi, kenako anandibwezera nati ndikaisiye pomwe ndaitenga.

A Lusekelo anandikwapula ndi mphira womangira katundu panjinga. Ine ndinawaluma dzanja mpaka magazi. Madzulo asanafike amayi anali atagwada patsogolo pawo kupepesa m'malo mwanga, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa mphira. M'nyumba ya agogo anandiletsa kulowamo Lamulungu. Mvula itabwerera, ng'ombe zomwe zinalima munda wa kumtsinje zinali za a Lusekelo, atauzidwa ndi abambo kuti awathandize alamu awo katundu wolemerayo. Kuyambira pamenepo mundawo sunalinso wathu.

Nthawi imeneyo ndinkadziimba mlandu ndekha. Ndinkati ndikanathamanga kwambiri ndikanafika, ndipo masana ambiri ndinkayeserera liwiro pakati pa khomo la agogo ndi nkhokwe. Ndakula tsopano, ndimakonza mafoni a anthu, ndipo ndikudziwa kuti panalibe mwendo womwe ukanafika. A Lusekelo anamva bwinobwino zomwe Che Jafali ananena. Sanalakwitse kusankha. Anasankha chinthu choti chikakhale pamalo amodzi okha pamudzi ponse pomwe amayi sakanaponda, mwambo n'kuwagwirira ntchito yotsalayo.

Chaka chatha agogo anamwalira, abambo anabwera kumaliro ali ndi imvi. Titaika, abale anakhala pansi pa mtengo kukambirana za minda. Amayi anali pamphasa chapatali ndi azimayi anzawo. Abambo anafunsa za munda wa kumtsinje, ndipo a Lusekelo anaimirira, kukonza kukhosi, n'kuyamba kuti, "Alamu anga maganizo awo ndi akuti…"

Ndinanyamuka pakati pa anyamata. Wina anandikoka malaya, ndinamuchotsa dzanja. Ndinakaima pafupi ndi a Lusekelo moti ndinkamva mpweya wawo, ndipo ulemu wonse ndinausiya pomwe ndinakhala paja.

"Lusekelo, khala pansi. Amayi anga pakamwa ali napo, ndipo lero ayankhula okha."