Chithunzi choluka chija chili pa foni ya amalume

Yusufu mlongo wanga, lero pa sadaka yako ku Makanjira ndachionanso chithunzi chija. Paja unatenga nkhope yanga ndi yako, kuzidula timizeremizere pa kompyuta, n'kuziluka ngati mkeka. Diso limodzi langa, linalo lako. Ndinakukalipira kuti wandionongera nkhope, ndipo ndinachifufuta pa foni yanga iwe ukuona. Unangoseka: "Achemwali, mudzachifuna."

Amalume aja ankakunena kuti ndiwe mlesi, uzipita kokoka khoka ngati anzako, ndi amene amachionetsa kwa alendo pa foni yawo, ati "mwana wathu anali ndi luso." Lusolo analiona liti? Ndinafuna kuwayankha, koma ndiyambira pati? Ndachita kuwagwadira iwowo kuti anditumizire.