Malaya Ali Pampando

Ophunzira a pakoleji ankawatchula kuti a Mgiriki, ndipo dzinalo linawakakamira moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana choncho. Moyo wawo wonse unathera pa ntchito imodzi, yotenga masewero achisoni amene Agiriki akale analemba n'kuwaika m'Chingerezi cha masiku ano, choti wophunzira awerenge osasinza. Ankagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, momwe munali tebulo logwedera ndi madikishonale othothoka zikuto. Ankakonda kunena kuti mzere uliwonse uyenera kukhala woti munthu weniweni angaulankhule. N'chifukwa chake makutu awo sankapuma. M'basi, m'sitolo, anthu akamakangana, iwo ankangotola mawu.

Panali sewero lina limene linawazunguza mutu zaka zambiri, pamene mayi akulira mwana wake wophedwa kunkhondo. M'Chigiriki mawuwo ankabaya mtima, koma Chingerezi chawo chinkatuluka chouma gwa, ngati chilengezo cha pawailesi.

Kenako mwana wawo, mmodzi yekhayo, anagundidwa ndi galimoto akuweruka kuntchito. Kuchipatala namwino atavundukula nsalu, mayi ake sanakuwe. Anangomusisita patsaya n'kunena motsitsa: "Malaya ako ndasita kale, ali pampando. Awavala ndani tsopano?"

A Mgiriki anali ataima kumapazi kwa bedi. Mtima unkang'ambika ndithu, koma mutu, poti chizolowezi sichidziwa maliro, unali utayamba kale kutembenuza mawuwo m'Chingerezi. Anadzida koopsa, koma sanawaiwale. Patapita miyezi anawaika m'kamwa mwa mayi wa m'sewero uja. Anangosintha kusita kukhala kupinda, poti Agiriki akale analibe simbi, n'kumadzinamiza kuti m'Chigirikimo namonso mukutchulidwa chovala, ndiye si kuba kwenikweni.

Buku litatuluka, aliyense ankatama mizere imeneyo, ndipo kutama kulikonse kunkawaotcha mumtima. Kunyumba analibisa pamwamba pa kabati. Ankadziwa kuti akazi awo akangoliwerenga, kamtendere kochepa kamene kanatsala m'nyumbamo katha.

Tsiku limene ophunzira ankachita seweroli muholo ya pakoleji, akazi awo, amene chimwalirire mwana anali asanapiteko kulikonse kosangalatsa, anatuluka kuchipinda atavala bwino.

"Lero ndipita nawo."

"Mipando yake ndi youma, mayi, mukangopweteka msana. Ndiponso n'zibwana za ana chabe."

"Bambo, zaka zonsezi ndakhala ndikukumvani mukudzilankhula nokha kuseri kwa khitchini ngati mwazungulira mutu. Ndikaoneko chimene chinkakuziziritsirani tiyi."

A Mgiriki akanaulula pakhomo pomwepo, koma mantha anawamanga lilime.

Pasiteji, mtsikana wofunda nsalu yoyera anagwada pambali pa mnzake amene anagona ngati wakufa. Anamusisita patsaya n'kunena mawu aja. A Mgiriki sanayang'ane pasiteji. Ankayang'ana manja a akazi awo, amene anali atafinya chikwama mpaka mitsempha kuonekera.

Sewero litatha anthu anawaunjirira a Mgiriki, kuwagwira chanza. Akazi awo anatsogola, ndipo a Mgiriki anakawapeza pamalo okwerera basi.

"Mayi, ndimafuna ndikuuzeni kalekale..."

"Mtsikana uja wanena bwino," anatero mayiwo, maso ali kumsewu. "Kuposa mmene ndinanenera ine."

Kenako mayiwo anapitiriza:

"Tsiku lija ndinkadabwa kuti bwanji simukulira. Ndinkati chisoni chakutsekani pakamwa, mpaka ndinkakumverani chifundo ine. Kani munali pantchito."

Basi itafika mayiwo anakwera n'kukhala pafupi ndi zenera, ndipo pampando wa pambali pawo anaikapo chikwama.