Kaliyala wa Kanjinga Nambala 23

Ntchito yopepuza tinjinga ta ana ndinaipeza pakhomo la tchalitchi, Lamulungu lina titangotuluka m'mapemphero. Ndinali nditapuma kale pa ntchito ya ulembi wa sikelo pa esiteti ina ya fodya ku Kaomba, komwe ndinayeza mabelo kwa zaka 26, ndipo masiku amenewo ndinkangomata machubu pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga. A Kamwendo, eni sitolo ina ya njinga za kaunjika pa Kasungu boma, anandikokera pambali.

"A Mwale, ndamva kuti inu simutaya ngakhale kapepala kokulungira sopo. Ndikufuna munthu wotero."

Anali atagula mulu wa tinjinga ta ana, tachitsulo, tolemera. Makolo a m'tauni, aphunzitsi ndi manesi, anali atayamba kufunsa za tinjinga topanda mapedulo, tomwe mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amakhalapo n'kumadzikankha ndi mapazi mpaka atazolowera kuyenda osagwa. Tatsopano sitinkapezeka pa boma. Iwo ankafuna kuti ndisandutse takaunjika tija. Ndinaumirira kuti andilembere kalata ya ntchito. Anaseka, koma analemba, ndipo ndili nayo mpaka lero.

Kanjinga kalikonse kakafika, ndinkayamba ndi kukakoloweka pa sikelo yanga yakale ya mbedza, n'kulemba kulemera kwake pa khadi lakelake. Tambiri tinkakwana makilo 7. Kenako sipanala: mapedulo, tcheni, chotchingira tcheni, timatayala tam'mbali, madigadi, kadengu kakutsogolo, zonse pansi. Chitsulo chapakati chomwe mapedulo amazungulirapo ndinkachigogoda ndi nyundo mpaka chituluke, bowo lake n'kutsekapo ndi labala kuti chala cha mwana chisalowemo. Tizitsulo totsalira pa felemu ndinkadula ndi sowo, n'kupala ndi tupa mpaka nditadutsitsapo kuseri kwa dzanja osakandika. Chishalo ndinkachitsitsa, handulo n'kuifupikitsa. Felemu yeniyeniyo sindinaiboolepo kapena kuiyandikitsa moto ngakhale kamodzi, chifukwa mapaipi a tinjinga timeneti ndi opyapyala ngati chitini cha mkaka. Ndikamaliza, sikelo inkaonetsa makilo 4, nthawi zina kupitirira pang'ono.

Kholo lililonse ndinkaliuza kuti libwere ndi mwana pamodzi ndi buku lake la kusikelo. Ndinkakopera kulemera kwa mwana pa khadi, kumukhazika pa chishalo kuti ndione ngati mapazi onse akuponda pansi bwinobwino, kenako ndinkagoneka kanjingako pa dothi. Mwana akalephera kukadzutsa yekha, kanjingako sikankachoka. A Kamwendo zimenezi zinkawanyansa.

"Madala, pano si pachipatala. Munthu wabwera kudzagula, mugulitseni."

Koma makolo ankauzana za mkulu wa sikelo uja, anthu n'kumabwera, ndiye a Kamwendo anangondilekerera.

Nambala 23 kanali kofiira. Anakasankha ndi a Nyirenda, kapitawo wa esiteti ina chakufupi ndi Nkhamenya, kugulira mwana wawo Tawonga. Khadi likuti mwanayo anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu, makilo 12. Kanjinga, makilo 4 ndi magalamu 100. Tawonga anakadzutsa ndi manja ake awiri, n'kuyamba kuzungulira bwalo la sitolo akukuwa ndi chimwemwe. Bambo akewo ndiwo sanakondwe. Anakazungulira kawiri atagwira m'chiuno.

"Nanga kaliyala ali kuti?"

Ndinawafotokozera kuti chilichonse chowonjezera ndi katundu amene mwanayo ayenera kumunyamula akagwa, komanso kuti kumbuyoko kulibe chitsulo cholimba chomangapo kanthu.

"Aaa, adada, kwathu adzandiseka. Adzati kapitawo wagula theka la njinga. Munaionapo kuti njinga yopanda kaliyala?"

Apa sindingawanene kwambiri. Kuno njinga ndi yonyamulira matumba a feteleza, mabelo, nkhuni ndi odwala. Munthu akamagula njinga amayamba wakanikiza kaliyala ndi dzanja asanayang'ane mabuleki. Amene ankadziwa bwino za tinjingati ndi a Kamwendo, ndipo ndi iwo anayankha.

"Musadandaule, bwana. Mawa mudzakapeza kali ndi kaliyala."

Anakatumiza kwa wowotcherera wina kuseri kwa msika. Kanabwerako m'mawa mwake kali ndi kaliyala wa zitsulo zotchingira mawindo, wopakidwa utoto wofiira womwe unali usanaume. Ndinakakoloweka pa sikelo: makilo 6 ndi theka. Ntchito yanga ya masiku awiri inapita yonse. Koma choopsa sichinali kulemerako. Nditapala utoto ndi chikhadabo pa timapaipi tiwiri totsika kuchoka pa chishalo kupita ku tayala lakumbuyo, ndinapeza moto utadya chitsulo. Panali timabowo tating'ono ngati tobooledwa ndi singano.

Ndinawaitana a Kamwendo n'kuwaonetsa.

"Kamwana ka makilo 12 kangathyole chitsulo? Lembani, madala, si ndiyo ntchito yanu? Lembani musunge."

Ndinalembadi. Makalata awiri ofanana, ndi pepala la kaboni pakati. Ndinalemba kuti kanjinga nambala 23 kaonongeka ndi moto, kuti sikoyenera mwana, ndipo kuti ine Mwale sindikuvomereza kuti kagulitsidwe. A Kamwendo anasaina akulankhula pa foni, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Ndinaika kalata yanga m'chikwama, mtima n'kukhala pansi.

Masana a Nyirenda anabwera kudzakatenga. Ndinali pomwepo, ndikupala nambala 24. Tinapatsana moni. Ndinawaona akukamangirira ndi malamba a chubu kumbuyo kwa njinga yawo yamoto, mpaka ananyamuka.

Patapita milungu itatu, m'nyengo yosankha fodya, anabweranso. Linali Lachinayi m'mawa. Sanazimitse n'komwe njinga yamoto. Anamasula kanjinga kaja n'kukaponya pakhomo la sitolo, tayala lakumbuyo likulendewera chammbali. Anthu anasonkhana msanga, akabaza, amayi ogulitsa tomato, ndi ena ongodutsa.

Zimene zinachitika n'zimene aliyense wa kuno akanalosera. Ana a pa esiteti ataona kaliyala, anachita zomwe amaona akuluakulu akuchita tsiku ndi tsiku. Mtsikana wina wa zaka zisanu ndi chimodzi anakhalapo kuti Tawonga amunyamule, n'kuyamba kutsetsereka kulunjika ku zigafa za fodya. Timapaipi tija tinathyoka. Tawonga anagwera mkono n'kuthyoka pa chigongono, ndipo chitsulo cha kaliyala chinamucheka pa ntchafu.

A Kamwendo sanachedwe n'komwe. Anandiloza ndi chala pamaso pa anthu onsewo.

"Ndi madalawa, bwana. Tsiku lonse amangodula zitsulo, ati akupepuza. Ine ndinkawaletsa."

Zaka 26 pa sikelo ya fodya, palibe tenanti kapena bwana amene ananditchulapo wabodza. Ndinalowa m'kati, ndinatenga chikwama, ndinavala magalasi, n'kuwerenga kalata ija mokweza kuyambira tsiku lake mpaka siginecha. Ndinaonetsanso khadi, makilo 4 ndisanapereke, makilo 6 ndi theka katabwerako kowotcherera. Ndinakweza kanjingako kuti aliyense aone kuti kathyokera powotcherera, osati pomwe panadutsa sowo wanga.

"Eee, madalawa amayenda ndi khoti m'chikwama!" anatero wakabaza wina, anthu n'kuseka.

Ndivomere kuti pa mphindi imeneyo ndinamva kukoma. Dzina langa linali litayera.

A Nyirenda sanaseke nawo. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa kalatayo. Anaiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere, n'kubwereranso pamwamba pomwe panali tsiku.

"Ndiye kuti munadziwa?"

"Ndinadziwa, n'chifukwa chake ndinalemba."

"Tsiku lija ndikumangirira kanjingaka munali apo, pa benchi ilo. Munandipatsa moni. Munafunsanso kuti Tawonga wadzuka bwanji." Anaikweza m'mwamba kalatayo. "Nanga pepalali munalembera ndani, adada?"

Anaipinda bwinobwino kalatayo momwe inalili, anaiika m'dzanja langa, n'kukwera njinga yawo. Kanjinga anakasiya pomwepo.

Sabata yomweyo a Kamwendo anandichotsa ntchito, ati ndinawachititsa manyazi pagulu. Kalata yondichotsa ntchitoyo nayonso ndili nayo. Sitolo yawo ikadalipo, ndipo ndikadutsa ndimaona tinjinga tili ndandanda pakhonde, tonse ndi makaliyala a zitsulo za mawindo. Palibe amene amatikoloweka pa sikelo, palibe amene amafunsa buku la mwana. Mkwiyo wanga pa munthu ameneyo sunathe ndipo sindikufuna kuti uthe. Anandinamizira, anagulitsa chinthu chowola akudziwa, ndipo anthu akumutchabe bwana.

Koma ndikamusiya iyeyo, wotsala ndine. Pa esiteti ndinaphunzira kuti nkhani ikasainidwa yatha, ndipo mlandu ukabwera umagwera amene alibe pepala. Kumeneko chomwe chinkayezedwa chinali fodya. Apa panali mkono wa mwana, ndipo kuchoka pa benchi langa kukafika pomwe panaima a Nyirenda sipankakwana mapazi khumi. Mawu asanu okha akanakwana. Ndinasankha kaboni. Tawonga ndinamuonapo kamodzi pa msika wa Nkhamenya ali ndi mayi ake. Wakula, akuyenda bwino, koma mkono wamanzere suwongoka wonse. Mayi akewo sanandizindikire, ndipo ine sindinadzitchule.

Masiku ano ndinabwerera pansi pa mango. Ena amandibweretserabe tinjinga kuti ndipepuze, ndipo ndimatero, makadi ndimalembabe. Wofuna kaliyala ndimamuuza m'maso kuti apite nako kwina, ndipo ndimamufotokozera za chigongono cha mwana uja kufikira atatopa nane. Pa khadi lililonse ndinawonjezera mzere umodzi pansi penipeni, wakuti "Kholo lauzidwa pakamwa," ndipo sindichongapo mpaka nditalankhula ndi amene akakhazikepo mwana.

Mzere umenewo ndinaulembanso pa khadi la nambala 23, lomwe limakhala pamwamba pa mapepala anga onse. Malo ochongapo ndi opanda kanthu. Sindinalembepo bodza pa pepala chibadwire, ndipo sindiyambira pamenepo.