Sitinadikire Lachisanu

Ine ndimagulitsa karapau pakhonde panga, m'bairu, kapena kuti dera, la kumunsi kwa msika ku Ulongwe. Nsomba zimenezi zimabwera m'makatoni kuchokera ku Tete zitauma gwa ndi chisanu, ndipo ntchito yanga yonse ndi kuonetsetsa kuti zisasungunuke ndisanazigulitse. Ndili ndi kongeladori imodzi, bokosi loyera loziziritsira lija, yakale kuposa mwana wanga wachisamba. Ikamalira ndiye kuti pakhomo pali mtendere. Ikangoti zii, ngakhale ndili kuseri ndikuchapa, ndimaimva, ndipo manja amaleka okha ntchito.

Magetsi akuno ndilibe chabwino chowanenera. Tsiku limene anatikokera mawaya tinavina mpaka fumbi koboo, ena anataya ndi nyali zomwe. Lero amapita osalawira, amabwera osaodira, ndipo chikhalire pano sindinamvepo munthu akuti pepani. Ukafunsa, wina akuti mtengo wagwera pa waya, wina akuti akukonza, wina angokweza mapewa. Timalipira tisanawaone, kenako n'kukhala pansi kumawadikira. Kudandaula tinatopa nako. Chofunika ndi kudziwa pamene unasiya machesi.

Ndinapeza nzeru yangayanga. Pansi pa nsomba ndimayala mabotolo a madzi, ndipo akaundana amasanduka miyala. Magetsi akapita ndimafunditsa kongeladori mabulangete awiri, n'kulengeza kuti wotsegula chivundikiro aone msana wa njira. Potero nsomba zimapirira tsiku ndi theka. Kupitirira apo, agalu a m'bairu ndiwo amakondwa.

Amayi anga anamwalira Lachiwiri m'mawa, mwezi wakhumi, dzuwa lili pa ukali mvula isanagwe. Anali atagona m'chipatala sabata imodzi. Magetsi anali atapita dzulo lake madzulo, koma tsiku limenelo ndani akanaganiza za magetsi?

Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene anga aakulu, amene amagwira ntchito ya ulonda ku Maputo. Nkhani yawo ndi iyi. Abambo athu anamwalira tili othawa nkhondo kutsidya kwa malire, ku Dedza, achimwene ali kutali kusaka ganyu m'minda ya fodya. Uthenga unawapeza patatha mwezi. Nkhope ya abambo sanaione, ndipo manda awo mpaka lero amaloza mokayika. Chilonda chimenecho sichinapole. Nthawi zonse akabwera kudzacheza, polawira ankandikokera pambali n'kunena mawu amodzimodzi: "Za abambo zija zisadzachitikenso. Wamva?" Ine ndinkaseka, n'kumati amayi adzatiika ndi ifeyo.

Nditawaimbira foni sanalire. Anangofunsa ola limene zachitika, kenako anati, "Basi ya lero yanyamuka kale. Ndikwera ya mawa m'mamawa, Lachisanu ndafika. Usawaike. Ndikupempha, mlongo wanga, usawaike ndisanawaone."

"Tikudikirani, achimwene," ndinatero. Ndinalonjeza ndi mtima wonse, chifukwa masiku atatu si kanthu pamene pali nyumba yachisoni yoziziritsa. Amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndiwo mwini maliro, anavomera kuti mwambo ukhale Lachisanu masana kumudzi kwathu ku Lifidzi.

Masana omwewo ndinapita kunyumba yachisoni kukasiya nsalu. Bambo woyang'anira kumeneko, wamkulu ndithu, wa imvi, anandiimitsa pakhomo.

"Mayi, ndisakunamizeni. Muno mulibe moto chiyambire dzulo. Jeradori ilipo, koma ikukoka koopereshoni ndi kwa amayi oyembekezera basi. Amoyo kaye."

"Nanga titani, bambo?"

"Anzanu amabweretsa jelu. Mukapeza madzi oundana, bwerani nawo, ndikuthandizani kuika."

Sindinamukwiyire. Ndikanakwiyira chiyani munthu amene akundiuza zoona? Ndinabwerera kunyumba, ndinachotsa mabulangete aja, ndinatsegula chivundikiro chimene ndimakaniza ena kutsegula. Nsomba ndinazikhuthulira m'beseni n'kupatsa amayi a mpingo kuti aziphikire anthu obwera kusiwa. Mabotolo onse ndinawamanga m'thumba n'kusenza pamutu. Ndikuyenda, madzi ozizira ankatsikira m'khosi mpaka kumsana, ndipo anthu m'njira ankandipatsa pepani akuyang'ana thumbalo osafunsa.

Tinawayala mabotolo m'mbali mwa amayi, ena pamimba, ena kumutu. Nkhope yawo inali yawo ndithu, kamwa itapotoka pang'ono monga ankachitira akafuna kundidzudzula. Ndinawauza kuti, "Amayi, pirirani. Mwana wanu ali m'njira."

Lachitatu kutacha, mabotolo onse anali madzi ofunda. Ndinazungulira kwa anzanga onse ogulitsa nsomba ndi nkhuku. Aliyense anali atafunditsa kongeladori yake, aliyense akulira zake. Mmodzi anandigawira mabotolo atatu amene anali atayamba kale kulira mkati ukawagwedeza. Wina anandiuza kuti ndiyese ku Dedza.

Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka pa Kalomwe, ndinaoloka malire wapansi. Kufika kutsidya, ndinapeza nawonso ali mu mdima womwewo, akuti ndi tsiku lawo lozimitsiridwa. Ndinaseka ndekha pamsewu ngati wamisala: maiko awiri, mbendera ziwiri, koma madzi oundana osaoneka. Nditayendayenda ndinapeza wogulitsa nyama wina wa jeradori yake, amene atamva nkhani yanga anandipatsa zibuma ziwiri zazikulu. Tinazikulunga m'utuchi ndi m'masaka. Bambo wa njinga anandinyamulira mpaka pamalire, akupalasa mwamphamvu, madzi akudontha pa tayala njira yonse. Pa Kalomwe shapa inakana kunyamuka isanadzaze. Ndinakhala pawindo thumba lili pamiyendo, ndikumva likupepuka, kondakitala akuitanira anthu mosafulumira. Ndinalakalaka kumumenya. Ndinafika ku Ulongwe dzuwa litapendeka, chitenje chili chonyowa, zibuma zija zitatsala ngati mitu ya kabichi.

Tinaika zomwezo. Bambo woyang'anira nyumba yachisoni uja anangotsegula mawindo onse.

Lachinayi m'mawa ananditumizira uthenga kuti ndibwere ndi amayi osambitsa maliro. Ndinapita ndi amayi awiri aakulu a mpingo wathu. Tinalowa atatu. Zimene ndinaona sindidzazilemba, ndipo sindinauzepo munthu. Ndingonena kuti ndagwira nsomba zaka zambiri, ndimadziwa pamene chinthu chafika poti sichingadikirenso. Mmodzi wa amayi aja anandigwira dzanja n'kunditulutsa panja.

"Mwana wanga, amayi ako atopa. Apumitseni lero, ulemu wawo usanathe."

Ndinakawapeza amalume pansi pa mtengo kunja kwa mpanda wa chipatala. Ndinkayembekeza kuti iwo, monga mwini maliro, adula nkhaniyo, ine n'kubisala kumbuyo kwawo. Koma anayang'ana pansi, akujambula m'dothi ndi ndodo.

"Amene wakhala ukulowa m'menemo ndiwe. Amene unalonjeza ndiwe. Ukati Lachisanu, tidikira. Ukati lero, ndituma uthenga kwa adzukulu ayambe kukumba."

Akuluakulu amadziwa kuzemba. Ndinaima pamenepo thukuta likutsika, ndipo ndinati, "Lero."

Posakhalitsa foni inalira. Anali achimwene, mawu akudukaduka chifukwa cha phokoso la basi. Anati adutsa Chimoio, akagona ku Tete, mawa m'mamawa akwera shapa yoyamba. Anati agula nsalu yatsopano yoti awafunditse amayi ndi manja awo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Muyende bwino, achimwene." Foni inali itatsala pang'ono kutha moto, ndipo inazima ili m'manja mwanga. Pafupi pomwepo pali baraka, kagolosale kokhala ndi sola, pamene anthu amakawonjezera moto m'mafoni. Sindinapiteko. Ndinaiika m'chikwama, ndipo ndikuvomera kuti ndinamva kupepukidwa. Unali mantha basi, palibe dzina lina.

Amayi tinawanyamula pa galimoto yonyamula mbatata ya mnansi wathu. Ku Lifidzi mwambo unali waufupi. Bokosi sitinatsegule, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake. Anthu akumudzi ali ndi mphuno, komanso ali ndi ulemu. Dzuwa lisanalowe tinali titabwerako kumanda. Magetsi anadzabwera Loweruka, ndinamva choncho kwa aneba, ndipo monga mwa nthawi zonse palibe anafotokoza kumene anali.

Achimwene anafika ku Lifidzi Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu. Ndinawaona akutsika kanjira ka pakati pa minda, chikwama paphewa, kapepala ka pulasitiki m'manja. Atafika pabwalo anaima. Anaona phulusa la moto wa pasiwa, mabenchi a tchalitchi atasanjikizidwa kale kudikira kubwezedwa, azimayi akutsuka miphika. Palibe anafunika kuwauza. Amalume anawatengera kumanda, ine ndikutsatira patali. Anagwada pa dothi lofiira lija nthawi yaitali, nsalu ija ili m'pepala lake. Ndinamva amalume akunena motsitsa kuti, "Afunseni alongo anu, ndiwo ankalowa m'nyumba yachisoni muja."

Pobwerera anatsalira m'mbuyo mpaka tinayenda awiri. Ndinakonzeka kutukwanidwa, ndipo kukanakhala bwino akananditukwana. Koma anafunsa mofatsa, osandiyang'ana.

"Unawaona tsiku lomaliza?"

"Ndinawaona."

"Anali bwanji? Nkhope yawo."

Ndinawayang'ana. Maso ofiira, fumbi la masiku awiri m'tsitsi, munthu wa zaka zoposa makumi asanu akufunsa ngati kamwana. Munthu ameneyu analibe nkhope ya abambo yoti aziikumbukira, ndipo tsopano ankapempha kwa ine ya amayi. Imene ndinali nayo ine sindikanawasenzetsa.

"Anali bwinobwino, achimwene. Ngati agona tulo."

Anapumira m'mwamba, anagwedeza mutu, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika. Tinayenda pang'ono. Kenako anaima.

"Nanga unafulumiriranji?"

Yankho ndinali nalo, lokwanira, lokhala ndi mboni zitatu. Ndikanalankhula, mlandu wanga ukanathera pomwepo, koma ndikanawalanda zimene ndinali nditangowapatsa. Ndinayang'ana mapazi anga. Anadikira, kenako anapitiriza ulendo okha.

Papita zaka zitatu. Amaimba foni pa Khirisimasi, amafunsa za ana, amandipatsa moni ngati wa mlendo. Achibale ena amanong'ona kuti ndinkathamangira kubwerera ku nsomba zanga, ndipo ndatopa moti sinditsutsanso. Mkazi wawo anandiuza kuti achimwene akamakamba za amayi amauza anthu kuti anapita mwaulemu, nkhope ili yowala, ngati agona tulo. Akuti akamanena zimenezo amamwetulira.