Mwana amene ankati wakana dzina

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Phiri, chimayamba kundifikira ndi fungo la girisi losakanikirana ndi utsi wa mbaula, pakuti ngakhale anali atapuma ntchito ya umakaniko ku Heavy Industrial Area, m'mawa uliwonse ankakhala pakhonde pathu ku Kabwata akukonza kena kake, uku makondakitala a minibasi akukuwa kumsewu kuitana opita m'tauni. Anali osalankhulalankhula, koma makutu awo anali akuthwa. Galimoto ikamadutsa ankanena chimene chikuivuta asanaione n'komwe.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi anabereka mwana wamkazi. Agogo aakazi, akazi awo a Phiri komanso mayi awo a amayi, anali atangomwalira kumene, ndiye atate anavomera kuti mwanayo atchedwe Esinati, dzina la malemuwo. Agogo aamuna ndinawaona akupukuta m'maso ndi chipewa.

Mwezi wa Julaye, kukuzizira koopsa, Esinati anayamba kulira kosatonthola. Amayi anamuyamwitsa, anamubereka kumbuyo, anamusintha matewera, koma ayi ndithu. Tsiku lachiwiri masana kunabwera azakhali athu, ba Mwansa, alongo awo a atate, kuchokera ku Chelstone limodzi ndi amayi ena awiri achikulire. Anamvetsera kulirako pang'ono, n'kugamula mlandu.

"Ba Phiri, uyu mwana akana zina," anatero ba Mwansa. "Kwathu mwana akalila so, tichinja. Lelo lamene timupase linangu."

Amayi anangowerama, misozi ili chuchuchu, poti sakanatha kutsutsana ndi alamu awo pamaso pa akuluakulu. Ine mtima unandiwawa zedi. Pa zonse za agogo aakazi, dzinalo ndi limene tinkalimvabe m'nyumba tsiku ndi tsiku.

Agogo anaimirira, anasamba m'manja ndi sopo kawiri konse, kenako n'kuwawotha pambaula kuti afunde.

"Mayi Mwansa, mwambo wanu sindikuunyoza," anatero. "Koma ndipatseni kaye mwanayo. Kulira kwa njala kumayamba pang'onopang'ono, kwa tulo kumakhala kong'ung'udza. Uku n'kwa munthu amene china chake chikumuluma."

"Ba shikulu, si motoka iyi!" anatero mmodzi wa amayi aja, kuwatchula agogo m'chinenero cha kwawo, onse n'kuphulika kuseka.

Agogo anamugoneka Esinati pabulangete pamiyendo pawo n'kuyamba kumuvula chimodzichimodzi, chipewa, juzi, malaya, akuyang'ana m'makutu, m'khwapa ndi pamchombo, akusisita kamimba ndi chala chimodzi kuti amve ngati kauma. Atafika pa timasokosi toluka, timene amayi ankaopa kumuvula chifukwa cha mphepo, mwana anakuwa mpaka tonse tinadzidzimuka. Kachala kamodzi ka phazi lakumanzere kanali katatupa, kali psuu, ulusi wa sokosi utakazinga n'kulowa m'khungu.

Agogo anaitanitsa sizasi yaing'ono ya amayi, anadula ulusiwo mosamala, anamufunditsa mwana n'kumukhazika pachifuwa pawo, akung'ung'uza nyimbo ya kutchalitchi pansipansi. Esinati anasisima kawiri, basi wagona.

"Mupite naye kukiliniki tsopano lino akachione chalacho," anatero agogo. "Dzinali musalisinthe. Mwini wake ndinakhala naye zaka zambiri, sanali woliralira."

Ba Mwansa anagwira pakamwa. "Awe, ba shikulu, mwatichitisa nsoni," anatero, n'kutambasula manja. "Bwela kuno, Esinati, tiyende ku kiliniki."

Sindinanyadirepo munthu ngati mmene ndinawanyadira agogo tsiku limenelo, moti ndinauza aliyense pamsika wa Kabwata, ngakhale amene sanandifunse.

Lero ndili ndi ana anga atatu, ndipo khanda likalira sindiyamba n'kufunsa kuti walakwa ndani. Ndimafunditsa manja, n'kuyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku zala zakumapazi. Mng'ono wanga uja ndi mayi wamkulu tsopano, zala zake zonse khumi zilipo, ndipo ukamuitana kuti Esinati, amatembenuka.