Zitsulo Zimene Bambo Anasiya Padenga

Denga la konkire la nyumba ya bambo anga ku Chinamwali lang'ambika pamwamba penipeni pa bedi lawo, koma iwo akukana njira yokhayo yolikonzera imene yatsala.

Dengali ndi lafulati. Bambo analithira ine ndili ku pulayimale, n'cholinga choti adzamange nyumba ina pamwamba. N'chifukwa chake pa ngodya iliyonse anasiya zitsulo zitaloza kumwamba, zodikira zipilala. Amayi ankayanika mphale pakati pa zitsulozo. Ife tinkamangirirapo chingwe cha zovala. Mlendo aliyense ankakwezedwa pamakwerero kuti akaone pamene padzakhale chipinda choyang'ana kuphiri.

Chipindacho sichinamangidwe, koma mvula ya ku Zomba sinaphonyepo chaka. Madzi amaima padengapo, n'kutsata zitsulo zija kulowa m'kati. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa n'kuswa konkire. Tinathirapo phula, linang'aluka ndi dzuwa la mu Okutobala. Tinamatapo simenti, inamatuka. Mwezi wathawu chibenthu chachikulu ngati mbale chinagwera pa pilo masana, bambo atangotuluka kukakhala pakhonde.

Ndinaitana mmisiri wa ku Mbedza, mnzawo wa bawo kuyambira kale. Tinakwera padengapo atatu ndi bambo. Iye anagogoda dengalo ndi hamala, ndipo malo ambiri linkamveka lamphako.

"Achimwene, zitsulozi tidule, zobenthuka tigwetse, pamwamba tikhome malata," anatero mmisiriyo.

"Mudule? Nanga yapamwambayo idzaima pa chiyani?" anafunsa bambo.

"Yapamwamba itinso? Makwerero omwewa mwakwera mochita kukukankhani!"

"Adzamanga ana."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndimachita lendi ku Likangala, ndipo mchemwali wanga anakwatiwa kutali. Ndinangopukutira pa buluku dzimbiri limene linandidetsa m'manja.

Titatsika ndinawapempha bambo kuti azigona pabalaza. Anakana, akuti m'chipinda mwawomo ndi mmene amayi anamwalirira. Bedi anangolisunthako pang'ono, n'kuika beseni pamene pamadontha. Mng'alu uja tsopano wafika pamene analisunthirapo.

Mitambo yayamba kusonkhana paphiri masana aliwonse. Mmisiri ndamuuza kuti abwere Loweruka ndi makina odulira zitsulo, ndipo bambo sindinawabisire. Sanakalipe. Angondiuza kuti m'mawa wa tsikulo ndidzawakwezere mpando padenga, adzakhale pafupi ndi zitsulo zawo, aone amene adzayambe kudula.