Jekeseni wa Ng'ombe pa Ntchafu ya a Verna

A Verna Pokorny anabadwira m'nyumba imene akukhalayo, pakati pa zitunda za mchenga za kuno ku Nebraska. Bambo awo analibe mwana wamwamuna, ndiye ntchito zonse za kukhola zinagwera iwo. Pofika zaka khumi ndi ziwiri ankatha kale kupisa mkono mwa ng'ombe imene yalephera kubereka n'kutembenuza thole. Pa ukwati si iwo anasamuka ayi. A Delmar ndiwo anabwera, ndi chipewa chawo ndi kavalo mmodzi wakutha mano, moti anthu ankaseka kuti a Delmar anakwatira famu, mkazi anali basera. Anabereka mwana mmodzi, Joleen, amene pano anamanga ndi mwamuna wake kumapeto kwa famu yomweyo.

Mukafunsa aliyense kuno za a Verna, adzakuuzani kuti mayi ameneyu sanagulitsepo ng'ombe yodwala. Musaone ngati n'chinthu chaching'ono. Tinali naye munthu wina dzina lake Ostrander, malemu tsopano, amene ankabaya mathole odwala jekeseni kutatsala masiku awiri kuti apite nawo kumsika. Thole limafika kumsika makutu ali njo, maso owala, wogula n'kukondwa. Pakatha sabata umangomva kuti lagwa m'khola mwa eni ake atsopano, ndipo lapatsira anzake. A Verna anakhala zaka makumi awiri osapatsa moni Ostrander, ngakhale kutchalitchi pa nthawi yopatsana mtendere. Abusa analankhula nawo mpaka kutopa.

A Delmar atafa ziwalo za mbali imodzi, a Verna anayesa kuwasamala okha chaka chathunthu, koma mwamunayo anali chimunthu cholemera, ndipo tsiku lina anagwa onse awiri m'bafa. Ndiye anakawasiya kunyumba ya okalamba ya m'tauni, m'chipinda nambala 14. Ankapita kukawaona masana alionse. Ikakwana 4 koloko a Verna n'kuyamba kuvala jekete, a Delmar ankafunsa funso limodzimodzi: "Mwabwera ndi galimoto, Verna? Tiyeni tizipita kwathu." A Verna ankayankha kuti mawa. Ananena mawa kwa miyezi khumi ndi inayi, mpaka a Delmar anamwalirira pabedi lomwelo.

Chiuno chinayamba kuvuta a Verna ali ndi zaka 71. Fupa lolumikizira mwendo wakumanzere linali litaperesekeratu, ndipo madokotala a kumzinda analichotsa n'kuikapo lachitsulo. Anthu ambiri kuno anaikidwa zimenezi ndipo amavina pa maukwati. Koma tsoka silinunkha. Patatha milungu isanu bala linafiira, likutentha, kenako linayamba kuchucha mafinya. Tizilombo tinali titamanga pachitsulo penipeni. A Prasad, dokotala wa mafupa, anang'ambanso, n'kuchotsa chitsulo chija, n'kuikapo chogwirizira cha simenti yosakaniza ndi mankhwala. Mwendo unafupika pang'ono. Ndiye panafunika milungu isanu ndi umodzi ya mankhwala a m'mitsempha, pamalo pokhala anamwino. Ndipo malo oterowo kufupi ndi kuno ndi amodzi okha: nyumba ya okalamba ija.

Anawagoneka m'chipinda nambala 12. Tsiku lachitatu, wotchi itangokwana 4 koloko, alendo akutsanzika m'khonde, a Verna anamva mawu kuseri kwa khoma. Anali mawu a mwamuna, olemera, okoka lilime mbali imodzi. Ankafunsa za galimoto. Thupi lonse linachita tsemwe. Atafunsa namwino kuti m'chipinda chinacho, nambala 14, mukugona ndani, iye anati mulibe munthu, amangosungiramo mipando ya matayala. A Verna sanafunsenso. Mawuwo anabwera masana alionse mpaka tsiku lotuluka, ndipo a Verna analumbira chamumtima kuti m'nyumba imeneyo sadzagonamonso ali moyo.

Potuluka, a Prasad anawalangiza momveka bwino. Milungu iwiri osamwa mankhwala alionse opha tizilombo, ngakhale kambewu kamodzi. Cholinga chake n'chakuti ngati tizilombo tatsala, tidzuke tionekere. Kenako adzapopa madzi a m'chiuno ndi singano n'kukawayeza. Akapezeka oyera, adzaika fupa latsopano lachitsulo ndipo nkhani idzathera pomwepo. Akapezeka ndi tizilombo, ndiye kuyambiranso: mpeni, simenti, ndi milungu ina isanu ndi umodzi kuja.

Tsiku lachinayi ali kwawo, a Verna anamva kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo. Anagwira pachipsera, pakutentha. Munthu amene wagwira mfundo zotupa za mathole zaka makumi asanu ndi limodzi safuna womuuza. Tsono kuno kwathu tili ndi khalidwe loipa, ndipo ndikulinena ndine mmodzi wa iwo: dokotala ali kutali, koma firiji ya kukhola ili pafupi. Munthu akalumwa ndi waya waminga, akatupa chala, amayamba watsegula firiji imeneyo. A Verna anakoka choyendera chawo cha miyendo inayi kudutsa pabwalo, kuima katatu panjira. Botolo la penisilini wa ng'ombe linali pamalo ake, pakati pa katemera ndi zitini za mowa wa mkamwini. Anayerekeza kulemera kwawo monga amachitira ndi thole, nakoka mankhwala, n'kudzibaya pantchafu ya mwendo wabwinowo.

Anadziuza kuti akuchiza. Tsiku lachiwiri kuzizidwa kunatha, anapitirizabe. Anabaya masiku khumi, mpaka m'mawa wa tsiku limene Joleen anawatengera kumzinda kukapopa madzi aja. Namwino atafunsa ngati amwapo mankhwala ena alionse, a Verna anati ayi, sanamwe.

Zotsatira zinkatenga masiku khumi ndi anayi. Amenewo ndiwo masiku amene a Verna anaonda. Chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Poyamba ankaopa kuti adzauzidwa kuti tizilombo tilipo. Kenako anazindikira kuti akuopanso kuuzidwa kuti palibe, pakuti "palibe" ameneyo akanakhala wawo wopanga okha. Ndipo mawu aja anawapeza kwawo. Ikakwana 4 koloko, ali kukhitchini, ankamva funso la galimoto kuchokera kuchipinda chochezera, pamene panali mpando wa a Delmar. Anayamba kumatsegula wailesi mokweza nthawi imeneyo, kumvetsera mitengo ya chimanga imene sinkawakhudza.

Tsiku la zotsatira Joleen anafika m'mamawa, khofi ali m'manja.

"Amayi, mwavala ngati mukupita kumaliro. Bulauzi yofiira ija ili kuti?"

"Ndikupita kuchipatala, osati kukafunsiridwa."

"Ndani angakufunsireni inu, ndi kamwendo kanu kameneka?"

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndigwire apa, usandikoke ngati thumba la chakudya cha nkhuku."

Ulendo wake ndi wa maola atatu. Joleen ankangolongolola za udzu wa chaka chino ndi za mwamuna wake amene wawononganso thirakitala. A Verna ankayang'ana pawindo, mtima uli m'mwamba. Simenti ya m'chiuno inkalira tcha, tcha, galimoto ikagunda bampu. Atadutsa m'tauni, pafupi ndi nyumba ya okalamba ija, anatseka maso mpaka atamva kuti matayala awoloka njanji.

"Mukudwala?" anafunsa Joleen.

"Ndikupemphera. Yang'ana msewu."

Kuchipatala anadikira theka la ola m'kachipinda kozizira, atavala kansalu ka odwala kotseguka kumbuyo. A Verna anakokera kansaluko pantchafu yakumanja, pamene panali timadontho takuda khumi totsatana. Kenako a Prasad analowa akumwetulira, pepala lili m'manja.

"Mayi Pokorny, lero ndabwera ndi zabwino. M'madzi muja simunamere kanthu. Zizindikiro za matenda m'magazi zakwera pang'ono, koma osadetsa nkhawa kwenikweni. Ndakusungirani Lachinayi la sabata yamawa. Tiika fupa latsopano, ndipo pofika nthawi yobereka ng'ombe mudzakhala mukuyenda."

Joleen anaomba m'manja, misozi ili m'maso. "Mwamva amayi? Zatheka!"

A Verna anayang'ana dokotalayo. Anali munthu wachinyamata, wa nkhope yabwino, ndipo ankaoneka wokondwa ngati wogula amene wapeza thole lonenepa pamtengo wabwino. Nkhope yotereyi anaionapo kambirimbiri kumsika, pa anthu otuluka ndi mathole a Ostrander. Manyazi anawagwira.

"Adokotala, ndifunse kaye. Chitsulo chatsopano chikaikidwa pamene tizilombo tangobisala, chimachitika n'chiyani?"

Kumwetulira kwa a Prasad kunachepa. "Tizilomboto timabwerera ndi mphamvu. Ulendo wachiwiri fupa lotsala limakhala lochepa. Ena amatsala opanda cholumikizira m'chiuno moyo wawo wonse. Ena, osati ambiri, timadula mwendo. Mukufunsiranji?"

A Verna anakweza kansalu kaja. Onse atatu anayang'ana timadontho tija.

"Penisilini wa ng'ombe. Masiku khumi. Ndinamva kutentha, ndiye ndinabaya."

"Mayo ine!" Joleen anaimirira, mpando n'kugwa. "Amayi! Mwapenga? Ndinakufunsani tsiku lililonse ngati muli bwino!"

"Unandifunsa, ndipo ndinakunamiza. Khala pansi, ukuchititsa manyazi."

"Ine ndikuchititsa manyazi? Ine?"

A Prasad sanakalipe. Anapinda pepala lija pakati n'kuliika m'thumba la jekete, ndipo zimenezi zinawawa kuposa kukalipa. Anati Lachinayi lafafanizidwa. Milungu ina iwiri osalandira kanthu, kenako singano kachiwiri. Kutentha kukabwera aimbe foni nthawi yomweyo, asadikire tsiku.

"Ndipo tizilombo tikapezeka?" anafunsa a Verna, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Simenti yatsopano, ndi milungu isanu ndi umodzi ya mankhwala. Kumene munali kuja."

"Kulibe kwina?"

"Kulipo kuno kumzinda, koma malo ndi ovuta, ndipo mwana wanu sangamayende maola atatu tsiku ndi tsiku. Chifukwa chiyani, mayi? Anakusamalani moipa?"

"Ayi. Ndi anthu abwino."

Pobwerera Joleen anayendetsa galimoto mpaka pageti ya famu. Pamenepo anazimitsa galimoto n'kulira ngati kamwana, mutu uli pachiwongolero. A Verna anamusisita pamsana, chinthu chimene sanachite kawirikawiri mwanayo ali wamng'ono. Anafuna kumuuza za chipinda nambala 14, koma anangopitiriza kumusisita. Atafika kunyumba, Joleen anapita kukhola n'kukokolola zonse za m'firiji, mabotolo, masingano, ngakhale mowa wa mwamuna wake, n'kuponya kumbuyo kwa galimoto.

Masiku asanu ndi atatu anadutsa bwinobwino, moti a Verna anayamba kuganiza kuti mwina penisilini uja anagwiradi ntchito. Anaphika mkate wa nthochi, anakonza kabati ya mbale. Tsiku lachisanu ndi chinayi, akusenda mbatata cha m'ma 10 koloko m'mawa, mano anayamba kugundana okha. Anaika mpeni pansi. Analowa kuchipinda, anatsitsa buluku, ndipo pakona ya chipsera panali kadontho kachikasu konyezimira.

Anakhala pabedi nthawi yaitali, akuopa monga sanaopepo chibadwire. Kenako anakoka foni. Anaimbira kuchipatala kaye, n'kunena zonse mwatsatanetsatane, kenako anaimbira Joleen.

"Ubwere ndi sutikesi yaikulu ija. Usathamange, palibe chikupsa."

"Amayi, chachitika n'chiyani?"

"Tizilombo tija tadzuka. Bwera basi."

Kunyumba ya okalamba kuja amachapira zovala za anthu onse pamodzi, choncho chovala chilichonse chimafunika dzina la mwini wake mkati mwa kolala. Ulendo woyamba Joleen ndiye anasokerera timaina tosindikiza tokongola pa madiresi ogonera awiri okha, poti ankati amayi akungodutsa. A Verna anatsegula diloo ya kukhitchini n'kupeza cholembera chakuda chimene amalembera manambala pa tizikwangwani ta m'makutu a mathole, inki yake yosafufutika ndi mvula kapena dzuwa. Anatulutsa zovala m'kabati n'kuziunjika patebulo. Anayamba ndi za chilimwe chino, masiketi ndi mabulauzi. Atamaliza anaima kaye, akuyang'ana mulu wotsala. Joleen polowa ndi sutikesi anawapeza akulemba dzina mkati mwa majuzi a nyengo yozizira.